Kuikidwa chitsulo m'chiuno: ndivomere kodi, ndipo liti?

Munthu amene nyung'unyu yake yatha sachita kunena. Mumamuonera mmene akutsikira mu minibasi: amatsogoza mwendo umodzi, winawo n'kuchita kuunyamula ndi dzanja. Kutchalitchi kapena kumzikiti anasiya kugwada. Pamaliro amapempha mpando pomwe anzake ali pamphasa. Tsiku limene dokotala wa mafupa wamuuza kuti mfundo ya m'chiunoyi ikufunika kusinthidwa, amabwerera kunyumba ali ndi mantha, komanso mafunso amene anachita manyazi kufunsa m'chipinda muja. Ambiri mwa mafunsowo ndi awa.

Akati "kusintha chiuno", amachotsa chiyani kwenikweni?

Sachotsa chiuno chonse, ndipo sadula mwendo. Pamwamba pa fupa la ntchafu pali mutu wobulungira umene umalowa m'kachikho ka m'fupa la chiuno. Malo amenewa ndiwo akuluakulu amati nyung'unyu. Mutuwo ndi chikhocho n'zokutidwa ndi chicherewecherewe, choyera choterera chija timachiona kumapeto kwa fupa la nkhuku. Chikatha, fupa limayamba kukhulana ndi fupa linzake. Pa opaleshoniyi dokotala amadula mutu wowonongekawo, n'kulowetsa chitsulo m'kati mwa fupa la ntchafu, pamwamba pake n'kuvekapo mutu watsopano wachitsulo kapena wa seramiki. Chikho chija amachipala n'kukhazikamo china, nthawi zambiri chokhala ndi pulasitiki wolimba m'kati. Zida zina amazimata ndi simenti yapadera ya mafupa. Zina n'zokhakhala kunja kwake kuti fupa limerere pomwepo n'kuzigwira lokha. Ntchito yonse imatenga ola limodzi kapena awiri, ndipo odwala ambiri amabayidwa jakisoni wa pamsana, ngati uja amabaya amayi obereka kudzera pa opaleshoni. Si njira yongoyesera ayi. Dokotala wa ku England, John Charnley, anaikhazikitsa pachipatala cha Wrightington mu 1962, ndipo masiku ano ku Britain kokha anthu pafupifupi 100,000 amachitidwa opaleshoniyi chaka chilichonse.

Ndingadziwe bwanji kuti ululu wangawu ukuchokeradi m'nyung'unyu?

M'Chichewa mawu oti "chiuno" amanyamula zambiri: msana wa m'munsi, matako, m'mbali, ngakhale kupweteka kwa amayi akakhala kumwezi. N'chifukwa chake mukati "chiuno chikundiwawa", dokotala amayamba wanena kuti, "Talozani ndi chala." Ululu wa nyung'unyu kawirikawiri umamveka kutsogolo, pomwe ntchafu yakumana ndi mimba, pamalo paja pamatupa mwanabere. Umatsikira kutsogolo kwa ntchafu mpaka pabondo, moti ena amatha zaka akupaka mankhwala bondo labwinobwino. Mwendo umauma. Kuvala sokosi, kumanga zingwe za nsapato, kuwenga zikhadabo za kumapazi, kudumphitsa mwendo pokwera njinga, zonsezi zimasanduka ntchito. Koma ululu woyambira kumsana, wodutsa m'thako n'kutsika kuseri kwa mwendo mpaka kuphazi, uku mukumva dzanzi kapena kubayabaya ngati singano, nthawi zambiri umakhala wa mtsempha wopanikizika pamsana. Ndipo ululu wa pambali penipeni, umene umakuletsani kugonera mbali imeneyo, kawirikawiri umachokera m'minofu yozungulira fupa, osati m'mfundo. Mavuto awiri omalizawa chitsulo sichiwathetsa. Pakakhala chikayiko, madokotala ena amabaya mankhwala ochititsa dzanzi m'mfundo mwenimwenimo. Ululu ukazimirira kwa maola angapo, ndiye kuti gwero lapezeka.

Chimawononga nyung'unyu n'chiyani? Si matenda a okalamba amenewa?

Kwa ambiri ndi nyamakazi ya kutha kwa mfundo, imene madokotala amati osteoarthritis. Imadza ndi zaka, kunenepa kwambiri, ntchito yonyamula zolemera kwa nthawi yaitali, kuvulala kwakale, kapena mfundo imene sinakhale bwino chibadwire. Palinso nyamakazi yotupitsa mfundo zambiri m'thupi, ndi mfundo zimene zinadyedwa ndi TB kapena mafinya munthu akadali mwana.

Koma kwathu kuno nkhaniyi ili ndi mbali ina. Mu 2005 madokotala a mafupa ku Malawi anayambitsa kaundula wa anthu oikidwa mfundo zopanga, ndipo lipoti lawo la 2009 linaonetsa kuti chifukwa chachikulu chosinthira nyung'unyu sichinali ukalamba. Chinali kufa kwa mutu wa fupa chifukwa chosowa magazi, matenda otchedwa avascular necrosis. Mutu wa fupali umadalira timitsempha tochepa. Tikatsekeka, fupa limafa m'kati, kenako n'kufwamphuka polephera kusenza thupi. Amagwira anthu a zaka za m'ma 30, 40 ndi 50: odwala sickle cell, amene amwa ma steroid monga prednisolone kwa nthawi yaitali, akumwa mowa kwambiri, ena amene ali ndi HIV, ndi ena popanda chifukwa chodziwika. Popeza amagwira munthu wamphamvu zake, nthawi zina mbali zonse ziwiri, achibale sachedwa kunena kuti waponda mankhwala. Mantha amenewo sindiwanyoza, koma imandiwawa ndi miyezi imene imatayika. Matendawa akapezeka msanga, makamaka ndi makina a MRI, nthawi zina pamatheka opaleshoni yaing'ono yoboola fupa kuti mutuwo upulumuke. Ukangofwamphuka, khomo limenelo latsekeka.

X-ray yaonetsa kuti mfundo yatheratu. Ndiye kuti opaleshoni basi?

Ayi. Chithunzi sichimva kuwawa. Amamva ndi munthu. Alipo anthu amene X-ray yawo ndi yoopsa koma akupalira chimanga bwinobwino, ndipo alipo ena amene chithunzi chawo sichioneka choipa kwambiri koma sagona tulo. X-ray imathandiza kutsimikiza kuti vuto lilidi m'mfundo, komanso kuti dokotala akonzekere ntchito yake. Siinena tsiku.

Nanga chimene chimasonyeza kuti nthawi yakwana n'chiyani?

Muyeso weniweni ndi zimene nyung'unyuyo yakulandani. Anthufe timazolowera kuchepetsa moyo wathu pang'onopang'ono mpaka osazindikira kuti watsala wochepa chotani. Chaka chatha munasiya kupita kudimba la kudambo. Kenako munasiya msika wa Loweruka n'kumatuma mwana. Tsopano ngakhale kuzungulira nyumba kupita kuchimbudzi mumayamba mwaganiza kaye. Mukafunsidwa mumati, "Ndili bwinoko," chifukwa mwasiya zonse zimene zinkakupwetekani.

Choncho musadzifunse kuti mungapirirebe kodi, pakuti Mmalawi amapirira mpaka kugwa. Dzifunseni izi: ululu ukukudzutsani usiku? Ukuwawa ngakhale mutangokhala? Mtunda umene mumayenda musanaime wachepa bwanji poyerekeza ndi chaka chatha? Mukumwa mapilitsi opha ululu tsiku lililonse? Ntchito imene imadyetsa banja lanu ikutheka? Mwayesadi njira zina kwa miyezi ingapo koma osathandizika? Ngati mayankho ambiri akuloza kumodzi, ndipo dokotala watsimikiza kuti mfundo yawonongeka, nthawi yokambirana za opaleshoni yakwana. Madokotala ambiri amagwiritsa ntchito pepala la mafunso 12 lotchedwa Oxford Hip Score, limene limapereka mapointi kuyambira 0 mpaka 48. Mapointi akachepa, ndiye kuti vuto ndi lalikulu. Inunso mungachite chimodzimodzi kunyumba: kwa milungu iwiri lembani m'kabuku nthawi zimene mwadzuka usiku, mapilitsi amene mwamwa, ndi zimene mwalephera kuchita. Pamaso pa dokotala ambiri timangoti "ndi choncho" mwaulemu, iye n'kuganiza kuti vuto ndi laling'ono. Kabukuko kamakulankhulirani.

Ndisanavomere mpeni, ndiyese chiyani?

Choyamba ndi mafizo, ndipo ndikunena mafizo enieni, ochita masiku ambiri pamlungu kwa miyezi itatu kapena kupitirira, olimbitsa minofu ya matako ndi ntchafu. Ambiri amaopa kuti kuyenda kumaliza mfundo, koma kungokhala ndiko kumafooketsa minofu imene imaiteteza. Chachiwiri ndi kuchepetsa thupi ngati lakula: poyenda, nyung'unyu imasenza mphamvu yoposa kawiri kulemera kwa thupi lonse, choncho kilogalamu iliyonse yochoka imamveka. Chachitatu ndi ndodo, yogwiridwa kudzanja la mbali yabwino. Mwendo wowawa ukakhala wakumanja, ndodo ikhale kumanzere; ambiri amasemphanitsa.

Pa mankhwala, chenjerani ndi chizolowezi chogula Indocid, Brufen kapena diclofenac pagolosale n'kumamwa miyezi ndi miyezi. Amathandizadi ululu, koma amayambitsa zilonda za m'mimba, amawononga impso ndiponso amakweza BP, makamaka kwa achikulire ndi amene akumwa kale mankhwala ena monga ma ARV. Jakisoni wa steroid wobaya m'mfundo amapumitsa kwa milungu kapena miyezi yochepa, ndipo madokotala ambiri sachita opaleshoni pasanathe miyezi itatu chibayireni, poopa mafinya. Mphini, mafuta opaka ndi mapilitsi otsatsidwa pa WhatsApp kuti "amameretsa" chicherewecherewe sizibwezeretsa chimene chatha.

Koma mafizo nawo ali ndi malire. Mu 2024 ofufuza a ku Denmark anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 109 a zaka 50 kupita m'tsogolo, onse a nyamakazi yofika poipa. Ena anachitidwa opaleshoni, ena anapatsidwa masewera olimbitsa minofu. Patatha miyezi 6, a opaleshoni anakwera ndi mapointi pafupifupi 16 pa muyeso wa Oxford uja, pomwe a masewera anakwera ndi mapointi osakwana 5. Mfundo ikafika poti yatheratu, si ulesi wanu umene ukulepheretsa mafizo kugwira ntchito.

Ndikadikira kaye, pali chimene ndingawononge?

Pa nyamakazi wamba, kudikira miyezi ingapo kuti mukolole, mupeze ndalama kapena muike shuga m'malo mwake sikuwononga kanthu. Iyi si khansa. Choopsa ndi kudikira zaka mpaka munthu atangokhala pampando. Minofu imafota, mwendo umafupika n'kuuma chopindika, bondo ndi msana zimayamba kudandaula chifukwa cha kutsimphina, ndipo nthawi zina chikho chija chimadyeka moti opaleshoni imakhala yovuta. Amene amapita atafooka kwambiri amathandizikabe, koma kawirikawiri safika pamene amafika anzawo amene anapita akadali ndi mphamvu m'miyendo. Malangizo akale aja oti "dikirani mpaka mutalephereratu kuyenda" madokotala ambiri anawasiya.

Nanga agogo akagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, nawonso angadikire?

Apa ndiye ayi. Wachikulire akaterereka kubafa n'kulephera kudzuka, mwendo utafupika, phazi litagonera kunja, ameneyo apite kuchipatala tsiku lomwelo, osati kukathowedwa kaye kunyumba. Khosi la fupa la ntchafu likathyoka n'kusuntha, mutu uja umasowa magazi ndipo kawirikawiri sugwirananso, choncho amauchotsa n'kuika wachitsulo, nthawi zambiri osakhudza chikho. Ku Britain malangizo amati opaleshoniyi ichitike tsiku limene munthu wagonekedwa kapena mawa lake. Chifukwa chake n'chakuti chimapha okalamba si fupalo, koma kugona: chibayo, zilonda za pamsana ndi magazi oundana. M'zipatala zathu zambiri wodwala wotere amathera milungu pabedi mwendo utakokedwa ndi zolemera, chifukwa zida ndi akatswiri n'zochepa. Achibale ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu ngati n'kotheka kumutumiza kuchipatala chachikulu.

Ndili ndi zaka 42 zokha. Ena akuti ndachepa, chitsulo chidzatha ndikadali moyo. N'zoona?

Mbali ina n'zoona, ndipo ili ndilo funso lovuta kwambiri pankhani yonseyi. Mawu oti chitsulo chimatha pakapita zaka 10 ndi akale. Kafukufuku wamkulu wofalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2019 anapeza kuti mwa mfundo 100 zoikidwa, pafupifupi 89 zinali zikugwirabe ntchito patatha zaka 15, pafupifupi 70 patatha zaka 20, ndipo 58 patatha zaka 25. Zambiri mwa izo zinaikidwa pulasitiki wolimba wa masiku ano asanafale. Komabe wachinyamata amayenda kwambiri, amanyamula katundu, ndipo ali ndi zaka zambiri kutsogolo. Kafukufuku wina wa ku Britain, wa 2017, anasonyeza kuti wochitidwa opaleshoni atapitirira zaka 70 mwayi woti adzabwerezedwe ndi pafupifupi 5 pa 100, pomwe kwa amuna ongopitirira kumene zaka 50 ndi pafupifupi 3 mwa 10 alionse.

Opaleshoni yobwereza ndi yaikulu, yodula, yofuna zida zapadera, ndipo zotsatira zake sizifanana ndi zoyamba. Kwa munthu wokhala ku Manchester imeneyo ndi nkhani ya mndandanda wa kuchipatala cha boma. Kwa wokhala ku Ntcheu ndi nkhani yoti adzaipeza kuti, ndipo adzalipira ndani. Zimenezi muziganizire moona mtima. Koma ikani pa sikelo mbali inayonso. Zaka za pakati pa 40 ndi 55 ndizo zolera ana, zomanga nyumba, zogwira ntchito. Kuzithera pampando pofuna kusunga chitsulo cha m'tsogolo, kwa ine, ndi mtengo waukulu kuposa umene ambiri amauwerengera. Ngati ululu ndi wopiririka ndipo ntchito ikutheka, chaka chilichonse chimene mwadikira ndi phindu. Ngati mwasiya ntchito ndipo tulo palibe, zaka zanu zisakhale chifukwa chokhacho chokanira. Mwina munamva za katswiri wa tenesi Andy Murray, amene mu 2019 anavekedwa chitsulo pamutu wa fupa osaudula, chaka chomwecho n'kupambana mpikisano ku Antwerp. Njira imeneyo ndi ya anthu ochepa, makamaka amuna a mafupa aakulu ndi olimba, ndipo siiyenera mutu umene wafa mbali yaikulu.

Amayi anga ali ndi zaka 80. Sanakule kwambiri?

Madokotala amayang'ana mtima, mapapo, impso ndi nzeru, osati chaka chobadwa chokha. Mayi wa Mfumukazi Elizabeth II anasinthidwa nyung'unyu mu 1995 ali ndi zaka 95, ndipo inayo mu 1998 atagwa. Zoopsa zimakuladi ndi msinkhu, koma gogo amene akudziphikira, akukumbukira zinthu ndipo akufuna yekha kuyendanso angapindule kwambiri. Mawu oti "akufuna yekha" ndi ofunika. Ana a m'tauni kapena a kunja asakakamize kholo chifukwa choti ndalama zapezeka. Woyenda ndi ndodo m'mawa uliwonse pambuyo pa opaleshoni adzakhala mwiniwakeyo.

Choopsa n'chiyani? Anthu samwalira nayo opaleshoniyi?

Walira mvula walira matope, choncho matopewo tiwatchule. Ziwerengero zambiri zimachokera kumayiko olemera, koma zimapereka chithunzi. Imfa m'miyezi itatu yoyambirira imagwera anthu osakwana mmodzi mwa 200, makamaka okalamba odwala mtima. Mafinya olowa mpaka pachitsulo amagwira pafupifupi mmodzi mwa 100, ndipo ili ndilo vuto limene madokotala amaliopa kwambiri, chifukwa tizilombo tikamatirira pachitsulo mankhwala okha satha kutichotsa. Nthawi zina chitsulocho chimayenera kuzulidwa. Mutu watsopano ungaguluke m'chikho mwa anthu awiri kapena atatu pa 100, makamaka m'miyezi yoyamba. Magazi angaundane m'katumba n'kuthamangira kumapapo, n'chifukwa chake amakupatsani mankhwala osungunula magazi kwa milungu ingapo ndi kukudzutsani msanga. Mwendo ungatalike kapena kufupika pang'ono, ndipo mwa apo ndi apo mtsempha umavulala phazi n'kulefuka. Pomaliza, pafupifupi mmodzi mwa 10 amatsalabe ndi ululu wina ngakhale zonse zitayenda bwino. Enawo, amene ndi ochuluka kwambiri, ululu woyamba uja umachoka kapena kuchepa kwambiri, ndipo ambiri amadabwa kuti usiku woyamba womwe kuwawa kwa bala n'kosiyana ndi kuja kwa fupa.

Ndili ndi HIV, mwamuna wanga ali ndi shuga. Anthu ngati ife amatilola?

Amalola. Pankhani ya HIV umboni wina wabwino unachokera ku Malawi konkuno: lipoti la 2014 la madokotala a ku Blantyre linaonetsa kuti odwala amene ali ndi kachilomboka anachira bwino ndi kuyendanso atasinthidwa nyung'unyu, popanda mafinya ochuluka amene anthu ankaopa. Chofunika n'kumwa ma ARV mokhulupirika kuti tizilombo tikhale tochepa m'magazi. Shuga ndi BP ziyambe zatsika n'kukhazikika, pakuti shuga wokwera amachedwetsa bala ndi kuitana mafinya. Fodya musiye milungu inayi kapena isanu ndi umodzi opaleshoni isanachitike. Magazi akhale okwanira. Dzino lobooka, chilonda cha pamwendo, matenda a m'chikhodzodzo, zonsezi zichiritsidwe kaye, chifukwa tizilombo timayenda ndi magazi kukafika pachitsulo. Wodwala sickle cell amafunika chipatala chokhala ndi magazi okwanira ndi madokotala odziwa matendawa. Mankhwala alionse amene mukumwa, azitsamba omwe, muwatchule osabisa.

Chitsulo sichichita dzimbiri m'thupi? Sichikoka mphezi? Nanga chabwino koposa n'chiti?

Sichichita dzimbiri ngati khasu, pakuti n'chopangidwa ndi zitsulo zapadera monga titanium. Sichikoka mphezi, ndipo palibe umboni woti zida zozolowereka zimayambitsa khansa. Pabwalo la ndege makina angalire, mungofotokoza. Za chabwino koposa, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: chatsopano si ndiye chabwino. Zaka za m'ma 2000 kunatchuka mfundo za chitsulo chokhulana ndi chitsulo, zotsatsidwa kuti n'zoyenera achinyamata. Zina zinkatulutsa fumbi lachitsulo lowononga minofu, ndipo mu 2010 kampani ya DePuy inachotsa pamsika mtundu wake wotchedwa ASR, anthu masauzande ambiri ataikidwa kale. Funsani dokotala kuti chida chimene akufuna kukuikanicho chakhala chikugwiritsidwa ntchito zaka zingati, ndipo iye waika zingati. Dzanja lozolowera limaposa dzina la kampani.

Ndidzathanso kulima, kunjuta, kukhala malo amodzi ndi mnzanga, kubereka?

Amakuimitsani tsiku lomwelo kapena mawa lake. Milungu iwiri mpaka isanu ndi umodzi mumayenda ndi ndodo, galimoto mumayamba kuyendetsa pakatha pafupifupi milungu 6, ntchito ya muofesi pakatha mwezi ndi theka, ya manja pakatha miyezi itatu kapena kupitirira, ndipo mphamvu zimapitirira kubwerera mpaka chaka. Kuyenda, kupalasa njinga ndi kulima kopepuka zimatheka. Kusenza matumba a feteleza ndi kudumpha pa lole tsiku ndi tsiku kumafupikitsa moyo wa chitsulo.

Malangizo ambiri olembedwa kunja saganizira nyumba zathu. Amanena za mpando wa kuchimbudzi ndi bedi lalitali, pomwe ambirife timanjuta pachimbudzi chokumba, timagona pamphasa, timaphika chowerama pamafuwa, timakhala pakampando kafupi. M'milungu 6 mpaka 12 yoyambirira, kupinda kwambiri nyung'unyu, kupingasa miyendo ndi kupotoza mwendo m'kati ndizo zimagulula mutu. Choncho musanagonekedwe, kalipentala akupangireni mpando woboola pakati woika pachimbudzi, pezani bedi ndi mpando wofika m'mawondo, ndipo gwirizanani za gadiyani amene adzakhale nanu mwezi wathunthu, osati masiku a kuchipatala okha. Za kunjuta m'tsogolo funsani dokotala wanu, chifukwa zimadalira mbali imene anang'amba ndi zida zimene anaika. Za m'banja zimayambiranso pakatha milungu ngati 6, ndipo ambiri amapeza kuti zayamba kutheka bwino kuposa kale. Mayi wachitsikana angatenge pakati, ndipo ambiri amabereka m'njira yachibadwa.

Ndichitire kuno kapena ndipite kunja?

Ulendo umayambira kuchipatala cha boma cha m'dera lanu, kwa kiliniko ofesala wa mafupa. Anthu amenewa akhala akuphunzitsidwa ku Malawi kuyambira 1985, ndipo ndiwo asenza ntchito yaikulu ya mafupa m'dziko muno. Iwo amatumiza kwa akatswiri ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene mu 2023 kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION, kapena ku Mzuzu. Opaleshoniyi yakhala ikuchitika m'dziko muno kwa zaka zambiri. Maopaleshoni ambiri oyamba a m'kaundula uja anachitikira ku Beit CURE ku Blantyre, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2002. Chovuta n'chakuti zida zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo mabedi a mafupa amadzaza ndi ovulala pangozi zapamsewu. Amene ali pa sikimu ngati MASM afunse msanga, ndipo yankho alilandire polemba, kuti sikimuyo ilipira mbali iti.

Ambiri amapita ku India kapena ku South Africa, ndipo ambiri amabwerako ali bwino. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti banja limasonkha ndalama za opaleshoni ndi ndege basi, ngati kuti nkhani imathera pabwalo la Chileka kapena la Kamuzu. Bala likayamba kuchucha patatha milungu itatu, katumba akatupa, thupi likatentha, mutu ukaguluka usiku, dokotala wa ku Chennai sadzakhalapo. Musananyamuke, pezani dokotala wa mafupa wa kuno amene wavomera kudzakuonani mukabwerera, komanso wa mafizo. Musathamangire ndege yaitali masiku oyambirira, pakuti kukhala maola ambiri osatambasula miyendo kumaunditsa magazi. Tsiku lobwerera anene ndi dokotala, osati tikiti. Ndipo musachoke kuchipatalako opanda zinthu zitatu: lipoti la opaleshoni, zithunzi za X-ray, ndi timapepala tomata tosonyeza kampani, mtundu ndi saizi ya chida chilichonse chimene aika. Dokotala amene adzatsegule nyung'unyu imeneyo pakapita zaka 15 adzafuna kudziwa kuti mutu uja ndi wa mamilimita 28, 32 kapena 36 asanaitanitse wina. Timapepalato tijambuleni pafoni, titumizeni kwa mwana wanu, enieniwo muwasunge m'buku la kuchipatala.